Mawaya a cryo aja patha miyezi 11, nazi zomwe ndamva ndi zomwe sindinamve

Disembala chaka chatha alamu anga atabwera kuchokera ku Manchester kudzadya Khirisimasi ananditengera mawaya a masipika omwe ndinagula pa intaneti, aja amati a cryo, oti anawaika m'chisanu choopsa asanawagulitse. Sabata yoyamba yomweyo ndinalemba ndili ndi chimwemwe kuti besi yalimba, mawu a oyimba ayera ngati mmene kunja kumayerera mvula yoyamba ikagwetsa fumbi, ndipo ndinalonjeza kuti ikatha miyezi ingapo ndidzabweranso kudzanena ngati zikadali choncho. Angapo mwakhala mukundifunsa, ena mpaka kufuna kuitanitsa anu, nde ndati ndisakhale chete chifukwa ndalama zake si zochepa ndipo ndine ndinayambitsa.

Ndiyambe ndi zomwe ndili nazo kuti timvane. Ampu ndi Yamaha ya ma watt 85 mbali iliyonse, masipika ndi a Wharfedale Diamond ang'onoang'ono aja oika pa sitandi, nyimbo zimachokera pa laputopu ndi pa CD. Pabalaza panga ndi pa mamita 4.5 mulitali ndi 3.6 mulifupi, pansi matailosi, pamwamba siling'i ya bolodi kenako malata. Mawayawo ndi awiri, aliyense mamita 3, kopa wake wonenepa 4 mm², kumapeto mapulagi a banana opaka golide. Ndinalipira mapaundi 180, ndipo mwa amenewo 40 inali ya cryo yokhayo, chifukwa wogulitsayo amakupatsa kusankha, waya yemweyo wozizilitsa kapena wosazizilitsa. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku.

Kwa amene simunamvepo, cryo ndi kuika chinthu m'thanki momwe amachizizilitsa pang'onopang'ono ndi nayitrojeni wamadzi mpaka kufika cha m'ma madigiri 196 kunsi kwa ziro, chifukwa apo mpamene nayitrojeniyo amawira. Ndi yemwe uja alangizi a ziweto amayenda naye m'kathanki kosungiramo umuna wa ng'ombe zamkaka, ukatsegula chivindikiro kumatuluka utsi woyera. Chinthucho chimakhala mmenemo maola ambiri, nthawi zambiri tsiku lathunthu kapena kuposa, kenako amachibweza ku kutentha kwa masiku onse pang'onopang'ononso kuti pulasitiki wokutira asang'ambike. Ogulitsa amati zimenezi zimakonza kakhalidwe ka mkati mwa kopa, timibulu take timagona bwino, magetsi amayenda mosavuta, nde nyimbo zimamveka bwino. Si nkhani ya ogulitsa ang'onoang'ono okha ayi, kampani ngati Furutech ya ku Tokyo imanena poyera kuti zitsulo za mapulagi ndi mawaya ake imazizizilitsa pakati pa madigiri 196 ndi 250 kunsi kwa ziro. Anga si a kampani imeneyo, ndangoitchula kuti muone kuti nkhaniyi ndi yofala.

Miyezi itatu yoyamba ndinali wokhutira ndipo mpaka pano sindikubweza mawu oti kamvekedwe kanasintha tsiku lomwe ndinalumikiza. Kanasinthadi. Pali CD ya kwaya ya amayi yomwe ndimaikonda kwambiri, yojambulidwa m'tchalitchi, pamene alto akulowa pansi pa soprano kale zinkangomveka ngati gulu limodzi koma usiku umenewo ndinamva mizere iwiri yosiyana. Pa reggae besi inasiya kuwuma m'kona muja, inayamba kumveka noti iliyonse payokha. Mayi a kunyumba, omwe zamawayazi sizimawakhudza, anatuluka kukhitchini nkufunsa kuti "abambo ake, mwagula masipika ena?" Nde munthu ukamva choncho umati basi, ndalama yagwira ntchito.

Wogulitsa analembanso kuti mawayawo amafuna maola 100 akuimba kuti "akhazikike". Ndinatsatira, ndinali ndi kabuku momwe ndinkalemba maola, magetsi akathima ndinkapitiriza pa inveta. Cha m'ma Febuluwale ndinalemba m'kabukumo kuti thirebo yafewa. Lero ndikawerenga ndimaona kuti ndi mwezi womwewo tinapachika makatani olemera pawindo lalikulu chifukwa cha dzuwa la masana. Panthawiyo zinthu ziwirizi sindinazilumikize m'mutu.

Chomwe chinandiyambitsa kuganiza bwinobwino ndi mnzanga wa kuntchito. Anabwera kudzamva, anakopeka, naye nkuitanitsa waya yemweyo kwa wogulitsa yemweyo, mamita 3, mapulagi omwewo, koma chifukwa ndalama inali yoperewera anasankha wopanda cryo. Anafika mu Julayi. Tsiku lina akundiuza pa lanchi kuti "amwene, anga aja akumveka bho kwambiri koma mtima sukukhazikika, ndikuona ngati ndinalakwitsa kusiya cryo, mwina ndigulitse ndiitanitse ngati anu". Zinandikhudza. Munthu ali ndi ana kusukulu, akufuna kutaya ndalama ina chifukwa cha mawu anga, pomwe ine sindinayesepo n'kamodzi komwe waya wa cryo ndi mnzake wosazizilitsa mbali ndi mbali. Chomwe ndinafananiza mu Disembala chinali waya wa cryo ndi waya wanga wakale basi. Ndinamuuza kuti asagulitse kaye, abwere nawo kwathu tione.

Tisanamvetsere tinayamba tayeza. Ku Ndirande kuli madala ena okonza ma ampu ndi ma TV omwe ndakhala ndikupitako zaka zambiri, tinatenga mawaya onse, anga, a mnzangayo, ndi wakale uja yemwe anali m'katoni ku sitolo. Ine ndinkaganiza kuti angoika multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa ohm nkuwerenga. Anaseka pang'ono nkugunditsa timitu tiwiri ta multimeter paokha, inawerenga 0.3, nkunena kuti "mwana wanga, zingwe za multimeter zokhazi zikuposa waya wako yense, tikayeza chonchi tinamizana". Nde anatenga batire la galimoto ndi babu la indiketa la ma watt 21, lomwe limakoka cha m'ma amp 1.75, nkulumikiza waya wanga ndi wa mnzangayo motsatizana mu mzere umodzi kuti magetsi odutsa mwa onse awiri akhale ofanana ndendende. Babu litayaka anaika multimeter pa ma millivolt nkuyeza kumapeto ndi kumapeto kwa waya aliyense. Wanga wa cryo 22.8, wa mnzanga 22.6. Anabwereza katatu, anasinthanitsa malo, manambala sanasunthe kwenikweni. Kenako anatenga tepi nkuyeza kutalika, wanga unapezeka kuti ndi wotalikirapo ndi masentimita awiri kapena atatu, ndipo pa mamita 3 amenewo ndi 1 peresenti, yomwe ndi kusiyana komwe tinaona pa multimeter kuja. Mwachidule mawaya awiriwa pa magetsi ndi amodzi.

Atafika pa waya wakale mpamene nkhani inatseguka. Unali uja wofiira ndi wakuda woonda, ndinaugula pa mita mu hadiweya zaka zapitazo, mamita 4 mbali iliyonse. Madalawo anasenda kumapeto nkupala timawaya ndi mpeni, pansi pa kufiira kuja panatuluka zoyera. "Uyu si kopa, ndi aluminiyamu wovekedwa kopa pamwamba." Anayatsa machesi nkuika timawayato pamoto, tinangopindika nkufota nthawi yomweyo, pomwe kopa weniweni amafiira koma amakhala chilili. Waya wotere amamutcha CCA ndipo amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 mwa 10 a zomwe kopa wonenepa mofanana angadutsitse. Kuwonjezera apo nsonga zake zomwe zinakhala zaka zambiri zili pamtunda kuseri kwa ampu zinali zitada bii, zina zitathothoka, moti pa timawaya tonse mwina theka lokha ndi lomwe linkagwira.

Apa ndikufuna ndichedwepo pang'ono ndi masamu chifukwa ndi omwe ananditsegula maso, ndipo si ovuta. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndiyo resistance, timayeza mu ma ohm. Kopa wa 4 mm² ali ndi pafupifupi 0.0043 ohm pa mita. Magetsi amapita nkubwerera, nde waya wa mamita 3 ndi ulendo wa mamita 6, zonse pamodzi 0.026 ohm. Wakale uja, woonda cha m'ma 0.75 mm² komanso wa aluminiyamu, ulendo wa mamita 8, ankafika pafupifupi 0.3 ohm osawerengera kuda kwa nsonga. Ndiye kuti kuposa kakhumi. Tsono sipika ngakhale analemba 8 ohm kumbuyo sikhala pa 8 nthawi zonse, pa ma noti ena imatsika kufika ku 4, pa ena imakwera kupitirira 20. Waya ndi sipika zimagawana mphamvu yochokera ku ampu, nde waya akakhala ndi 0.3 ohm, pamene sipika yatsika ku 4 umataya pafupifupi 0.6 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa phokoso), pamene yakwera ku 20 umangotaya 0.1 dB. Kutanthauza kuti wayayo akusintha kakomedwe ka nyimbo, mbali zina akuzitsitsa kuposa zina, ngati wina wagwira pang'ono ma batani a equaliser. Theka la dB pa dera lalikulu la nyimbo khutu lotchera limatha kulimva. Ndi waya wa 0.026 ohm kutayako sikufika ndi 0.06 dB komwe. Roger Russell, yemwe anali mkulu wa kafukufuku wa masipika ku kampani yopanga ma ampu ndi masipika ya McIntosh, ankalangiza kuti resistance ya waya isapose 5 peresenti ya impedance yotsikitsitsa ya sipika, kutanthauza ma ohm otsikitsitsa omwe sipikayo imafika. Pa 4 ohm ndiye 0.2. Wakale wanga anali atadumpha mzere umenewo, watsopanoyu ali kutali kwambiri mkati mwake.

Nde tiyerekeze kuti cryo imachitadi zomwe amanena, ndipo tiipatse mwayi waukulu, titi imachotsa 5 peresenti yathunthu ya resistance. 5 peresenti ya 0.026 ndi 0.0013 ohm. Pa sipika imeneyo ndi kusintha kwa pafupifupi 0.003 dB. Palibe khutu la munthu lomwe limafika pamenepo, ukangopendeketsa mutu pampando kusintha kwake kumaposa apa kutalitali. Ndipo chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi, kopa payekha amasintha resistance ndi pafupifupi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse. Kuno ku Blantyre usiku wa mu Juni chiperoni chikabwera pabalaza panga pamatha kufika madigiri 15, masana a mu Okutobala pansi pa malata pamadutsa 30. Kusiyana kwa madigiri 15 kumeneko ndi pafupifupi 6 peresenti. Ndiye kuti nyengo yokha imasintha waya wanga kuposa zomwe ndaipatsa cryo mwaulere zija, ndipo chaka chonsechi sindinadzukepo nkumva kuti lero waya watentha nyimbo zasintha.

Madala aja anawonjezeranso china chomwe sindinkachiganizira. Anatenga sipika yakufa pa shelefu nkutionetsa koyilo ya mkati, voice coil, kawaya koonda ngati tsitsi kozungulizidwa kambirimbiri. Kameneko kokha kamakhala ndi ma ohm 3 mpaka 6, ndipo ukakweza voliyumu kamatentha kwambiri. Kakangotentha ndi madigiri 10 resistance yake imakwera ndi pafupifupi 0.2 ohm, kuposa waya wanga yense kangapo. Mu crossover, kabolodi ka mkati mwa sipika kogawa besi ndi thirebo, mulinso makoyilo a mamita ambiri a kopa wamba, mu ampu namonso. Zonsezo palibe anaziika mu nayitrojeni. Magetsi a nyimbo akudutsa monsemo, nde mamita atatu apakatiwa okha ndi omwe angasinthe zonse?

Sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti cryo ndi bodza paliponse, ayi. Pa chitsulo cholimba, monga cha mipeni ya m'mafakitale ndi zobowolera, imagwiradi ntchito ndipo chifukwa chake chimadziwika. Chitsulo chikawotchedwa nkuziziritsidwa mwamsanga, mbali ina ya mkati mwake imatsala mu mtundu wofewa wotchedwa austenite, ndipo kuzizira kwambiri kumaisandutsa martensite yomwe ndi yolimba, ndipo ikasanduka sibwerera chitsulocho chikafundanso. Kopa alibe kusintha kotereku. Kakhalidwe ka mkati mwake kamakhala komweko kuyambira kutentha kwa m'nyumba mpaka pansi penipeni, nchifukwa chake amamugwiritsa ntchito m'makina ozizira kwambiri, sathetheka. Nzoona kuti ali mkati mwa nayitrojenimo resistance yake imatsika kwambiri, pafupifupi kasanu ndi katatu, koma ukangomutulutsa nkufunda imabwerera pomwe inali. Chomwe chimafewetsa kopa ndi kukuza timibulu take ndi moto, osati chisanu, amisiri onse osula amadziwa. Ngakhale kopa wotchuka pa mawaya odula uja amati OCC, njira yomwe Pulofesa Atsumi Ohno wa ku Chiba Institute of Technology ku Japan anatulukira m'ma 1980, chinsinsi chake ndi chikombole chotenthetsa chomwe chimapangitsa timibulu kukhala titalititali. Nkhani yofanana inachitikanso ndi malipenga, anthu ankatumiza ma trumpet awo kukazizilitsa kuti azilira bwino, ndipo mu 2003 ofufuza a ku Tufts University ku America atayesa ozizilitsa ndi osazizilitsa sanapeze kusiyana kochokera ku cryo, kusiyana kwa woimba ndi woimba kunali kwakukulu kuposa.

Komabe ine ndine munthu wa khutu, masamu okha sakanandikhutiritsa, ndipo mnzangayo naye anati tiyeni timve. Tinachita mu Ogasiti, madzulo anayi. Tinamanga chingwe kuchokera pa windo kufika pa kabati nkupachika zitenje ziwiri kuti kumbuyo kwa ampu ndi pansi kusaoneke. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 ndi yemwe anali wosintha. Tisanayambe ankatimvetsa A, wa cryo, kenako B, wosazizilitsa, tikudziwa. Kenako ife tinkatuluka pakhonde, iye nkuponya ndalama yachitsulo, ikagwa mutu alumikiza A, ikagwa mbali inayo B, nkulemba m'kope lake, ndipo ngakhale ikagwa chimodzimodzi kawiri ankazula nkubwezeretsa kuti tisamve kusiyana kwa nthawi. Voliyumu tinaimata ndi selotepi kuti isagwedezeke, chifukwa chinthu chokwera pang'ono chabe chimamveka ngati chokoma kuposa chinzake. Tikabwerera tinkamvetsera mphindi ziwiri za kwaya ija, za reggae, ndi za gitala ndi mawu a munthu mmodzi, aliyense nkulemba yankho lake papepala osaonetsana. Njira imeneyi si yanga, ndi ija amaitcha ABX yomwe injiniya wina wa ku America, David Clark, anaifotokoza kwa akatswiri a zomvetsera mu 1982. Pa maulendo 16 umafunika kulondola osachepera 12 kuti tinene kuti sunangolota.

Ndikuuzeni mmene zinkamvekera mkati mwanga chifukwa apa mpamene pali phunziro lenileni la nkhaniyi kwa ine. Pamene ndinkadziwa kuti uyu ndi A, ndinkamvadi kuti ndi wosalala, mawu a soprano opanda minga. B ankamveka wouma pang'ono. Ndinali wotsimikiza. Chitenje chitatsekedwa kutsimikiza kuja sikunachoke, ulendo uliwonse ndinkalemba yankho ndi mtima wonse, ena mpaka ndinkaika nyenyezi pambali kusonyeza kuti apa nde palibe kukaika. Tsiku lachinayi mwana anabweretsa kope. Ine 9 pa 16. Mnzanga 7 pa 16. Pa mayankho asanu omwe ndinaika nyenyezi, atatu anali olakwika. Mwanayo anangoti "adadi, kawiri konse munanena kuti besi yasintha koma ndinabwezera waya yemweyo". Ndinakhala kaye chete. Sikuti ndinkanama mu Disembala kapena pakhonde paja, ndinkamvadi, koma kumvako kunkachokera mu zomwe ndikudziwa osati mu waya. Khutu la munthu limasunga kakomedwe kenikeni ka phokoso kwa masekondi ochepa chabe, kupitirira apo timakumbukira maganizo athu okhudza phokosolo.

Kuti titsimikize kuti vuto si njira yathu kapena makutu athu, Loweruka lotsatira tinabwereza ndi waya wakale wa aluminiyamu uja, mmene analili ndi nsonga zake zakuda, kulimbana ndi watsopano. Apa ndinalondola 9 pa 10, mnzanga 9 pa 10. Sizinali zovuta nkomwe, wakaleyo besi yake inali yotayirira ndipo nyimbo yonse inkamveka yotsikirapo. Nde makutu ali bwino, njira ili bwino, pomwe pali kusiyana tinakupeza, pomwe palibe sitinakupeze.

Nditabwerera m'mbuyo kuganiza za tsiku lija la mu Disembala ndinakumbukira zinthu zina zomwe ndinachita osaziwerengera. Mawaya atsopanowa ndi afupi ndi mita imodzi komanso ndi olimba, sapindika msanga, nde kuti afike ndinakoka masipika kuwachotsa kukhoma ndi masentimita ngati 30 nkuwayandikizitsa pang'ono, ya kumanzere inatuluka m'kona. Ndinapukutanso ma terminal a ampu ndi a masipika ndi spirit chifukwa sindikanalumikiza chinthu chodula pa fumbi. Zinthu zitatu nthawi imodzi, waya wonenepa wa kopa weniweni, polumikizira poyera, masipika pamalo ena, ndipo ine ulemu wonse ndinaupereka kwa chachinayi chomwe chinalembedwa pa katoni. Za malo a sipikazi musazipeputse. Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo chipinda chilichonse chili ndi ma noti ake omwe chimawakuza molingana ndi kukula kwake, changa cha 4.5 ndi 3.6 chimakuza ma noti a besi a cha m'ma 38 Hz ndi 48 Hz ndi owirikiza ake (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa noti). Sipika ikakhala m'kona imadzutsa onsewo mwamphamvu, kusintha kwake kumakhala ma dB angapo athunthu, osati tizigawo ta 0.003. Kuwuma kwa besi komwe ndinati cryo yachotsa, ndinakubweza dala mwezi watha pongokankhira sipika m'kona muja waya wa cryo ali pomwepo, ndipo kunabwerera konse.

Tsono za wayayo payekha ngati katundu, patatha miyezi 11. Apa ndilibe dandaulo lalikulu. Wadutsa dzinja lonse ndi chinyezi chake, wadutsa fumbi la Seputembala ndi Okutobala, mapulagi akadali owala ngati atsopano, golide uja amathandizadi kuti pasachite dzimbiri ndipo kwa ife okhala kumene mpweya umanyowa miyezi inayi imeneyi ndi phindu lenileni. Kopa wa mkati ndinasuzumira pomasula pulagi imodzi, akadali wofiira bwino. Zofooka zilipo ziwiri. Nsalu yoluka yakunja ija yayamba kunyenyeka pomwe imakhudza matailosi, chifukwa pokolopa amaikankha uku ndi uku, ndipo imagwira fumbi moti umafunika burashi. Chachiwiri, mapulagi awiri analekerera kugwira zolimba titatha zoyesa zathu zija, zomwe nzomveka poti tinazula ndi kulowetsa kambirimbiri, madala aja anangotanula timasamba take pang'ono ndi kasikuludiraiva nkubwerera mwakale. Kulimba kwa wayayo nako kumavutitsa ngati ampu ili pafupi ndi khoma, amafuna malo ngati masentimita 15 kumbuyo kuti apinde bwino.

Chinthu china chomwe chimandisowetsa mtendere ndi chakuti cryo sisiya chizindikiro. Waya wanga ndi wa mnzanga ukawaika patebulo palibe chowasiyanitsa kupatula kastika kakang'ono kabuluu pa katoni yanga. Kulemera kumodzi, mtundu umodzi, pa multimeter chimodzimodzi. Kunenepa kwa kopa ungayeze, ngati ndi aluminiyamu ungapale nkuona, golide ungamuone ndi maso, koma mapaundi 40 anga aja ndinalipira chinthu chomwe ngakhale katswiri sangandionetse. Sindikunena kuti wogulitsayo sanachite, ndikukhulupirira anachita, koma wogula alibe pogwira.

Kwa amene munandifunsa ngati muitanitse, yankho langa lasintha kuchoka pa lomwe ndinapereka mu Disembala ndipo ndikupepesa kwa aliyense amene anatsala pang'ono kutaya ndalama chifukwa cha changu changa. Ngati muli ndi kawaya koonda kofiira ndi kakuda kaja, kasintheni ndithu, mudzamva kusiyana. Pezani kopa weniweni wa 2.5 mm², amakwana bwino mpaka mamita 5 kapena kuposerapo pang'ono, ngati mtunda ndi wautali kapena masipika ndi a 4 ohm tengani 4 mm². Pogula pemphani kachidutswa mupale ndi mpeni pomwepo, mukaona zoyera mkati musiyeni, komanso kopa amalemera m'manja, rolo ya aluminiyamu imapepuka modabwitsa. Nsonga muzidule mwatsopano, mumange zolimba, ndipo chaka chilichonse dzinja likatha muzimasula nkupukuta. Ngati mumakonda waya wooneka bwino wa mapulagi abwino, gulani, palibe cholakwika, inenso ndimasangalala ndikamuona wanga ndipo sindikumugulitsa. Koma pa bokosi loti muwonjezere ndalama ya cryo, ine sindidzachonganso.

Mnzanga uja sanagulitse ake, anawatenga tsiku lomwelo nkukawabwezera pa ampu yake, ndalama yomwe ankasunga yoti aitanitsire ena anagulira kapeti yaikulu ya pabalaza, ndipo akuti mawu a oyimba asiya kulira m'makoma. Ine alamu akubweranso mwezi wamawa, ulendo uno ndawatuma kamaikolofoni koyezera kolumikiza pa laputopu, ndikufuna ndione pa sikirini zomwe 48 Hz ija ikuchita pampando womwe ndimakhala, kenako ndisunthe masitandi pang'onopang'ono mpaka pomwe ichepe.